Mimba Yosatchulidwa pa Boti la Nsanja

Uthenga unandipeza manja ali m'thovu, ine! Ndinali kuseri kwa kampu ku Chinzombo, pa mwala wochapira, dzuwa la Okutobala likuphika mutu, mvuu zikudandaula m'timadzi totsala ta Luangwa. Madamu, mkazi wa mwini kampu, anabwera okha mpaka pa chingwe choyanikira, chinthu chimene sankachita. Anati: "Mvula ikagwa kampu titseka, koma iwe ndi mwana wako Felesiya simupita kumudzi. Mupita nafe ku nyanja yamchere, ku Mozambiki, mukagwire ntchito pa boti lathu."

Ndinaimba, ee, ndinaimba! Ndinavina ndi shiti yonyowa m'manja. Dzinja la munthu wa pa kampu mumalidziwa inu? Msewu matope, alendo kulibe, malipiro kulibe, ndipo chimanga chikangomasula ngayaye njovu zabwera kudzakolola. Manje ife tidye dzinja lonse tili pa ntchito, mayi ndi mwana!

Felesiya ndiye woyamba wanga, ankaperekera zakudya patebulo. Anali atakwatiwa chaka chomwecho ndi Yotamu, sikauti wa nyama. Yotamu anatinyamulira chikwama pa njinga mpaka kumsewu, osalankhula zambiri. Amene analankhula ndi amayi ake. Amake Yotamu anaima pa mphambano manja ali m'chiuno.

"Mukunditengera mpongozi kumadzi asanandipatse kanthu, Amake Felesiya?"

"Tibwera naye atanenepa," ndinatero, ndikuseka.

Iwo sanaseke.

Ulendo sindiukumbuka bwino. Chipata, malire, fumbi, kenako kandege kamene ndinatsekeramo maso mpaka kutera. Tinafika ku Pemba, osati Pemba wa kwa Atonga uyu, wina, wa madzi obiriwira opanda tsidya.

Ine ndinakulira pa bwato la atate anga, la mtengo umodzi, loti ukayetsemula limapendama. Ndiye akandiuza boti, mtima unkaona bwato lalikulupo. Mayo ine! Chinthu choyera mbee, chachitali kuposa chalichi chathu, mphuno yosongoka ngati ya ng'ona, mazenera akuda osaonetsa amene ali mkati. Pokwerera panali dengu. Kaputeni, mzungu wamtali wopsa ndi dzuwa, analoza mapazi athu. Nsapato zonse m'dengu, ngakhale za Bwana, amuna awo a Madamu. Pansi pake ndi matabwa a mtengo wodula, osafuna chidendene cha munthu.

Nyumba zitatu zosanjikizana, ndikuuzani, zitatu! Yapansi ndi ya zipinda zogona. Chipinda cha Bwana ndi Madamu chinatenga mimba yonse ya boti, kuchokera nthiti iyi kufika nthiti iyo, bedi pakati, mazenera ali pa msinkhu wa madzi, moti poyala ndinkaonana maso ndi nsomba. Chipinda chilichonse ndi bafa yake. Yapakati ndi pabalaza: mipando yachikopa choyera, tebulo, kakhichini konyezimira, chitseko chagalasi chotseguka chokha ngati chakuona, mphepo yozizira ikutuluka m'khoma ngati Juni wa ku Msoro. Kutsogolo kwake mpando wa Kaputeni, chiwongolero, ndi magalasi owonetsa pansi pa nyanja.

Koma yapamwamba! Iwo ankaitcha fulaibiriji. Ine nditaiona ndinati iyi ndi nsanja, ngati imene timamanga m'munda yolonderapo njovu, ndipo antchito tonse tinayamba kuitcha nsanja. Kumeneko kunali chiwongolero chachiwiri, makushoni ozungulira, firiji ya zakumwa, chowotchera nyama, ndi denga lotseguka pakati ukadina batani. Alendo ankakhala kumeneko kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa. Ndipo chilichonse chodyedwa kumeneko chinkakwera pa makwerero opapatiza, opindika, oimirira ngati khosi la nyamalikiti, pa manja a Felesiya.

Kumbuyo kwenikweni kunali khonde lotsika m'madzi. Batani limodzi, khonde lonse lamira, alendo asambire, kapena kaboti kakang'ono kamene kankagona pamenepo kayandame. Pafupi ndi khondelo panali mpando. Saidi, mwamuna wa kumeneko amene ankasamala injini ndi zingwe, anatukula mpandowo ngati chivundikiro cha mphika.

"Mama Zambia, hotela yanu iyi."

Saidi anagwirapo ntchito ku Tete, Chinyanja ankachithyola koma tinkamvana. Ndinasuzumira. Dzenje. Makwerero achitsulo, mabedi awiri osanjikizana ngati mashelefu, kazenera ngati mbale. Kuseri kwa khoma injini ziwiri, iliyonse ngati mvuu, ndi jenereta yosagona. Khoma linali lofunda, fungo la dizilo lili khoo pakhosi.

"Munthu amatuluka wamoyo muno?" ndinafunsa.

"Ine ndimagona pakati pa injini penipeni, ndipo onani kukongola kwanga," anatero Saidi, mano awiri akutsogolo kulibe.

Ndinagwira ntchito pa boti limenelo madzinja angapo, ndinazolowera kuphika mphika uli womangidwa ndi zitsulo, kuchapa ndi madzi amene makina asandutsa kuchokera ku amchere, kupukuta galasi limene mchere ulidetsanso usanatembenuke. Ndinaveka nyumba yanga malata ndi boti limenelo. Koma dzinja limene ndikufuna kuimba ndi loyamba lija.

Felesiya anayamba kusanza. Onse anati ndi nyanja, imatero ndi alendo. Madamu anamupatsa mapiritsi a chizungulire. Koma ine ndinaona kuti amasanza ngakhale boti lili pa doko, madzi ali bata ngati m'beseni. Tsiku lina tikusenda mbatata anandifunsa:

"Amama, kuno kulibe chulu?"

"Chulu pamadzi, iwe?"

"Ndangofunsa chabe."

Mmawa wake ndikupukuta pabalaza ndinafika pa mphika wa maluwa a Madamu, dothi lokhalo pa boti lonse. M'dothimo munali timaenje ta zala. Ndinakhala pa kapeti yoyera. Ndinayang'ana mwana wanga akudutsa ndi thireyi: mtsempha wa pakhosi ukugunda, milomo yauma, chiuno chayamba kusintha kayendedwe. Ndinadziwa. Mtima unafuna kuliza nthungululu, koma ndinaluma lilime.

Kwathu mimba yoyamba saitchula munthu wamba. Mwini wake saitchula, mwamuna saitchula, ndipo mayi wobala ndiye osayesa n'komwe. Imadikira alangizi kapena apongozi achikazi. Amabwera mmamawa mtsikana asakudziwa, madzi ali mkamwa, n'kumulavulira pamimba, n'kumuuza chimene ali nacho, n'kumumanga mkanda woyera. Pamenepo pakamwa pa onse patseguka. Wina akatsogola kutchula, mimba imachita manyazi, imabwerera. Musandiuze kuti ndi zakale. Mkulu wanga Ndaona anamutchulira mkazi wina pachitsime, mwanthabwala, mwezi usanathe tinakwirira kanthu kuseri kwa nyumba, ndipo sanagwirenso mwana mpaka kufa kwake. Ndinaliko, ndinanyamula khasu ndine.

Ndiye onani. Apongozi ali ku Luangwa, alangizi ali ku Luangwa, ife tili pa madzi opanda tsidya. Felesiya akudziwa, ine ndikudziwa, tikugona wina pamwamba wina pansi m'dzenje la dizilo, mawu ali pakati pathu ngati njoka m'nyumba, aliyense akuopa kuiponda.

Ndinachita zimene ndikanatha. Mapiritsi a Madamu ndinkamulanda n'kuponya m'nyanja. Ndinamupatsa bedi lapansi. Ndinapempha kuti thireyi ndizikwera nayo ine, koma Madamu anati ayi, Felesiya ndiye wa yunifomu, amadziwa mbali yoikira galasi, iwe khala ku khichini. Ndinkaima pansi pa makwerero aja nthawi iliyonse akakwera, manja otambasula ngati wopempha.

"Amama, anthu akuonani."

"Andione. Gwira chitsulo."

"Ndigwire ndi chiyani, mano?"

Saidi anandiuza kuti pansi pa boti pali zipsepse ngati za nsomba, zimene zimalimbana ndi mafunde kuti boti lisapendame. Ndinazikhulupirira zipsepsezo ngati mmene ndimakhulupirira mlatho. Koma tsiku lina masana tikuchokera ku zilumba, kumwamba kunada mbali imodzi, mphepo inasintha, ndipo funde linabwera cham'mbali. Boti lonse linagona. Felesiya anali pakati pa makwerero ndi thireyi ya magalasi. Ndinamva phwaa, kenako ndinamuona akulendewera ndi dzanja limodzi, nthiti zitamenya chitsulo. Pamwamba alendo anakuwa, kenako anaseka, chifukwa mowa unawatayikira pa miyendo.

Kaputeni anatsika, anamuyang'ana, n'kunditengera pambali. Chizungu cha pa kampu ndimachimva.

"Mtsikanayu wayera maso masabata onsewa. Iwe ndiwe mayi wake. Pali chimene ndiyenera kudziwa?"

Mawu anafika pa mano, ndinawamva akugogoda. Ndinaona nkhope ya Ndaona.

"Ndi nyanja chabe, bwana."

Anatembenuka n'kukwera.

Wochapa sabisidwa kanthu. Mmawa wake pa nsalu ya Felesiya ndinapeza kadontho kofiira, kakang'ono ngati nyemba. Ndinakachapa. Tsiku lomwelo Bwana analengeza kuti alendo atsopano akubwera, ndipo Loweruka tinyamuka ulendo wautali, ku zilumba zakutali kumene kulibe doko, kulibe chipatala, kulibe ngakhale sitolo. Saidi anayamba kudzaza matanki. Ndinkamva dizilo ikulowa m'mimba mwa boti, gudugudu, gudugudu, ngati akudzaza manda.

Nditchule, mimba ibwerere? Ndikhale chete, makwerero aimalize? Ndinapemphera m'khichini, ndinapemphera m'dzenje, yankho silinabwere.

Lachinayi anandituma ku msika wa nsomba ndi Saidi. Anthu akulankhula zawo, ine ngati gonthi. Ndiye pakati pa phokoso ndinamva mawu akukalipa, mawu a kumunsi kwa mtsinje wathu, ngati a amalonda a ku Feira. Ndinatembenuka. Mayi wokalamba, wamfupi, mphini pamasaya, mamba a nsomba mpaka m'zigongono, akutukwana munthu amene anamufinyira nsomba osagula.

"Ambuya, mwaswera bwanji?"

Anasiya mpeni. "Iwe ndiwe wa kuti?"

"Wa ku Luangwa, kumtunda."

"Ine wa ku Zumbo. Madzi amene umachapira iwe amadutsa pakhomo pa amayi anga. Ndiye mumatitumizira litsiro ndinu!"

Tinaseka, tinagwirana manja, misozi ili mbwee. Dzina lawo linali Ambuya Dominga, anabwera kunyanja ndi mwamuna msilikali amene anawasiya kalekale. Sindinatchule kanthu. Ndinangoti:

"Ndili ndi mwana wamkazi pa boti loyera lija. Anakwatiwa chaka chino. Akufunsa chulu."

Anandiyang'ana m'maso. "Apongozi ake?"

"Kumudzi."

"Wina wayasamula kale pakamwa?"

"Palibe."

"Ndiye wasunga bwino. Mawa mmamawa. Asadziwe."

Vuto linali lowakweza. Pa doko panali mlonda, ndipo pa boti sipankaponda munthu wosaitanidwa. Ndinauza Saidi kuti ndikufuna mayi uyu afike pa khonde lakumbuyo, ndipo asandifunse chifukwa.

"Mama Zambia, mukufuna Kaputeni andichotse mano otsalawa?"

"Ndidzakuphikira phala moyo wako wonse."

Anapukusa mutu, koma mmawa dzuwa likungotuluka anatsitsa kaboti kaja, ati akukatenga nsomba zatsopano za alendo, n'kubwera nazo pamodzi ndi mwini nsomba. Ambuya Dominga anakhala pakati pa kaboti ngati mfumukazi, dengu pamiyendo. Ndinawatungira madzi a pa mpopi wa boti mu galasi la Madamu. Ananunkhiza.

"Awa ndi madzi anji?"

"A m'nyanja, makina amachotsa mchere."

"Madzi opanda chitsime? Chotsa. Mwana angadzabadwe wosadziwa kwawo." Anatulutsa kabotolo m'chitenje, madzi a pachitsime cha pakhomo pawo, n'kudzaza masaya.

Ndinagogoda pa chivundikiro. "Felesiya, tuluka ulandire nsomba."

Anakwera makwerero achitsulo aja, tulo tili m'maso, chitenje pachifuwa. Atangoponda pa khonde, Ambuya anamugwira chitenje, kuchitsegula, pfuuu! Felesiya anakuwa.

"Uli ndi pakati, mwana iwe," anatero Ambuya, mawu okwera ngati ali pabwalo. "Tatchula ife akulu, wina asakutchulire. Khazikika, iwe uli mkatimo, takuona." Anamumanga mkanda woyera padzanja. Felesiya anagwada pa matabwa odula aja n'kuyamba kulira, kulira kwa miyezi yonse imene anakhala chete.

Pamwamba pathu kapu inagunda pa mbale. Madamu anali pa nsanja ndi khofi wawo, akuona zonse.

"Ndani ameneyo? Akumulavulira chifukwa chiyani? Saidi! Mchotse pa boti langa!"

Makwerero amene ndinkawaopa aja ndinawakwera ngati mtsikana. Ndinafika pamwamba mpweya utatha, ndinaima pakati pa makushoni, ndipo ndinanena m'Chizungu changa chothyoka, ndinanenanso m'Chinyanja, ndinanena mokweza kuti nyanja yonse imve:

"Felesiya ali ndi mimba! Mwana wanga ali ndi mimba, ndipo akutaya magazi!"

Madamu anayera ngati shiti. "Kuyambira liti? Unkadziwa? Ine ndikumupatsa mapiritsi, ndikumukweza apa tsiku lililonse, iwe uli chete?"

"Sinali nthawi yake, Madamu."

"Ndipo lero ndi nthawi yake chifukwa wamulavulira wogulitsa nsomba?"

"Inde, Madamu."

Sanandimvetse, mpaka lero sindikhulupirira kuti anandimvetsa. Koma anatsika opanda nsapato, anaitana motoka, anapita naye okha kwa dokotala. Dokotala anati mwana alimo, mtima ukugunda, koma wagwira ndi chala chimodzi. Asakwere, asanyamule, asanunkhize dizilo, apite kwawo akagone. Bwana anamulipirira ulendo. Ndinapempha kuti ndimuperekeze. Anati alendo afika mawa, wophika ndi wochapa ndiwe wekha, mmodzi atsale.

Ndinatsala. Loweruka nangula anakwera, unyolo ukulira, ndipo mtunda unachepa mpaka kuzimirira.

Miyezi imeneyo, abale, sindiifunira munthu. Thireyi ndinkakwera nayo ine tsopano, mbali yoikira galasi palibe anaifunsanso. Ndikafika pa nsanja ndinkayang'ana kumadzulo, kumene kuli kwathu, madzi okhaokha. Boti lija linali ndi galasi loona nsomba pansi pa nyanja, lina loona mvula isanafike, wailesi yolankhula ndi sitima zosaoneka. Ndinafunsa Kaputeni ngati wailesiyo ingafike ku Mambwe. Anati ayi. Chinthu chodziwa zonse, chosadziwa ngati mwana wanga anafika. Ndinkagona pa bedi lapansi pamene ankagona iye, injini zikugunda kuseri kwa khoma, ine ndikuwerenga kugundako ngati mtima wa munthu, ndikuopa kuti zingazime. Saidi ankandibweretsera tiyi osanena nthabwala.

Mvula inatha, koma anandisunga kuti nditsuke boti lonse asanalifunditse. Ndinafika kwathu mphepo ya Juni itayamba, thonje likuyera m'minda. Palibe anandichingamira. Nyumba ya Felesiya inali yotseka, chitseko chomanga ndi luzi, pa mafuwa phulusa lozizira. Ndinapita kwa Amake Yotamu, ndinawapeza akusenda nshawa. Sanaimirire.

"Mwaswera bwanji, asebele?"

"Taswera. Mwabwera, a kunyanja. Tinamva kuti ntchito yanga munapatsa wogulitsa nsomba."

"Kunalibe wina."

"Ine ndinafa?"

"Felesiya ali kuti?"

Anaponya khoko pansi. "Anamutenga dzana pa ngolo, ku chipatala cha mishoni. Masiku ake anali asanakwane. Sitinamve kanthu."

Chikwama ndinachisiya pomwepo. Mwamuna wina wa njinga anandikweza, ndinafika dzuwa likupendeka. Yotamu anali pansi pa mtengo, yunifomu yafumbi, chipewa m'manja. Atandiona anagwada chapatali monga mkamwini. Tinakhala, iye uko ine kuno. Mkati munali zii. Khwangwala ankayenda pa malata. Chitseko chinatseguka, kutuluka namwino ndi beseni, osatiyang'ana, kulowanso. Chinatsegukanso kachiwiri, namwino uja n'kufunsa:

"Ambuya ake a mwana ndani pano?"

Sindinamve bwino. Ndinati, "A mwana uti?"

"Wa Felesiya. Wamkazi. Wamng'ono ngati botolo, koma pakamwa ndi pa wamkulu. Simukumumva?"

Ndinamumva! Kamawu kakang'ono ngati ka mwanambuzi, kakukalipira dziko lonse. Lililili! Ndinagubuduka m'fumbi, ine, mayi wa imvi, ndinagubuduka mpaka namwino anati mudzutsa odwala. Yotamu anaiwala ulemu, anandigwira dzanja, tonse tikulira.

Tsiku lomutulutsa m'chikuta, mchombo utagwa, pakhomo panadzaza ngati pa ukwati. Ndiwatchule, ee, ndiwatchule onse, pakamwa panga panatsekedwa kokwanira! Anabwera Amake Lute ndi ufa pamutu. Anabwera a Zakeyo Mbewe a njinga aja, anakana malipiro. Anabwera Esinati ndi Tiyike, anzanga a pa mwala wochapira, ndi sopo wa pa kampu. Anabwera a Sakala ophika, ndi a Njobvu olondera. Anabwera masikauti anzake a Yotamu, Lazaro, Penyani ndi Gibisoni, mfuti atazisiya ku kampu. Anabwera alangizi athu, Ambuya Tikambenji, ndi ndodo yawo. Anabwera achimwene anga Aroni kuchokera ku Msoro, wapansi, ndi akazi awo Amake Doti. Anabwera amayi a chigwirizano cha ku chalichi, Anasitaziya, Maligelita, Eneresi ndi Joyisi wa mawu okwera. Ndipo kumapeto, dzuwa litapendeka, nkhuku kukhwapa, nkhope atayang'ana kumbali koma nthungululu ikuwatuluka yokha, Amake Yotamu.